Mlandu wa Delesi Lobiriwira

Hildah Kamwaza ali ndi nthenda imodzi imene madokotala a ku Dubai sangaipeze ngakhale atamuunika ndi makina awo onse: akaona chovala chabwino chili pa hang'ala, thupi limamuyabwa. Mwini wake sakana. Amati nthendayi adaitengera ku Mponela, kumene bambo ake ankasoka pakhonde la golosale, ndipo iye atakula adagulitsa kaunjika zaka zisanu ndi zinayi. Belo ikatsekulidwa, Hildah ankayamba wayesa chovala chilichonse asanachiyale pansi, ati kuti adziwe chouza kasitomala. Anthu a ku Mponela ankagula kwa iye zovala zofunda kale.

Mu 2016 adapeza ntchito ya m'nyumba ku Mirdif, dera lina la mu Dubai, kwa banja lina la Aluya, yogona komweko. Ntchito yake idali kuchapa, kusita ndi kupachika zovala. Kumuika munthu wotere m'chipinda cha zovala za madamu kudali kusungitsa usipa kwa mphaka. Komabe tinene chilungamo, Hildah sadabepo ngakhale mpango. Madamu akachoka, iye ankasankha delesi limodzi, n'kuvala, n'kuima pamasitepe a nsangalabwi, n'kudzijambula. Chithunzicho chinkapita kwa abale ku Mponela ndi ku gulupu ya pa foni ya amayi achimalawi opemphera limodzi. Kenaka delesi linkabwerera pamalo pake. Ndipo poti ndi mwana wa telala, sankatha kuvala chinthu cha batani logwedera kapena zipi yovuta, ankayamba wachikonza.

Chinsinsichi ankachidziwa munthu mmodzi yekha, Selinah wa kwa Kamwendo ku Mchinji. Awiriwa adakumana ku ofesi ya ajenti atangofika kumene, akudikira mabwana oti awatenge. Adagona pansi masabata atatu, akufunda chitenje chimodzi, makina oziziritsa mpweya akuwaphera m'mafupa. Chibwenzi chotere sichifuna ulemu. Ankatchulana kuti iwe, ankabwerekana mafuta odzola, ndipo Lachisanu lililonse potuluka m'tchalitchi ankakhala pabenchi imodzi n'kumajeda zipewa za anzawo. Vuto la Selinah lidali limodzi: pakamwa pake padalibe chitseko.

Selinah adali ndi mwana mmodzi, Khumbo, amene adamulera yekha bambo ake atamwalira. Chaka cha mliri chija Khumbo adali woyembekezera koyamba, ndipo masiku ake ankayembekezeka mu Sepitembala. Akuchimuna, poona mmene mayiyu adavutikira ndi mwanayo, adamupatsa ulemu woti adzatche dzina la mdzukulu. Selinah sankakamba china. Ankati zivute zitani, tsiku limenelo adzakhala ali pambali pa bedi la mwana wake.

Koma korona itabwera, mabwana ake adalongeza n'kubwerera kwawo. Selinah adapezeka ali m'chipinda chimodzi ndi amayi ena asanu ndi awiri ku Discovery Gardens, ntchito palibe, viza ikutha ngati kandulo.

Hildah ku Mirdif sankagona ndi njala, koma ankafa ndi kusungulumwa. M'nyumbamo mudali bambo a madamu, nkhalamba yodwala mtima, choncho madamu adalamula kuti aliyense asadutse pageti. Madamu eni ake ankaswera ndi zovala zogonera, madelesi onse ali pa hang'ala ngati amasiye. Tsiku lina mu Juni masana, banja lonse litagona pambuyo pa chakudya, Hildah adawamvera chisoni madelesiwo. Adasankha lobiriwira la ulusi wagolide m'khosi, adakonza zipi yake imene inkakakamira pakati, adavala, adaima pamasitepe paja. Chithunzicho adachiponya pa gulupu ya amayi makumi anayi ndi atatu, pansi pake n'kulemba kuti, “Mulungu akati akudalitse, mliri sungamuletse.”

Selinah tsiku limenelo adali atangomwa tiyi wopanda shuga. Yankho lake lidabwera la mawu, pagulupu pomwepo.

“Iwe Hildah, tavula delesi la eni akelo ukatsuke zimbudzi! Mbava ya m'wadilopu iwe. Anzako tikugona ndi njala, iwe ukutinyadira ndi nsalu yobwereka? Siithetsa usiwa imeneyo, habibti, wokondedwa wangawe. Khalas, basi, tatopa nawe!”

Tinkhope toseka tidagwa ngati matalala. Ngakhale mkazi wa mkulu wa mpingo, munthu amene sadaonetsepo mano m'tchalitchi, adaponya tiwiri. Hildah adamvera mawuwo kasanu ali chiimire pamasitepe, delesi likadali m'thupi. Chimene chidamupweteka kwambiri n'chakuti mudalibe bodza, kupatula mawu oti mbava.

Apa m'pamene Hildah adalakwitsa mwachimalawi. Ku Mponela adasumirapo mayi wina wogulitsa naye pafupi, amene adamunena kuti ndi mfiti yokoka makasitomala. Wapolisi adawakhazika onse awiri pabenchi mpaka dzuwa lidafika paliwombo, adawakalipira ngati ana, n'kuwauza kuti akakambirane kunyumba. Adabwerera limodzi akudya chimanga chootcha. Kwa Hildah, kupolisi kudali kumene anthu amakaopsezerana, basi. Ankadziwa, monga aliyense pagulupo, kuti kuno kutukwana munthu pa foni ndi mlandu. Adaganiza kuti Selinah angoitanidwa, anjenjemere pang'ono, apepese, nkhani ithe.

Kwathu mkwiyo umayenda wapansi. Pofika kupolisi umakhala utatuluka thukuta, wakumana ndi apongozi panjira, wapereka moni kwa anthu khumi, mwina n'kutembenukira kumsika. Kuno Hildah sadafunike ngakhale kuvala nsapato. Adatsekula foni, adadzaza fomu ndi chala chimodzi, adatumiza. Mtima udali usanatsike n'komwe pamene uthenga udabwera womuthokoza ndi kumupatsa nambala ya mlandu.

Patapita masiku awiri wapolisi waulemu adamuimbira, adamufunsa mafunso, adapempha mawu a Selinah aja. Kenaka adaimbira Selinah. Selinah viza yake idali itatha kale, ndiye atangomva kuti apolisi akumufuna adachotsa simu khadi n'kuithyola pakati. Hildah ataona kuti mnzake wangoti zii, adati n'kunyada. Patatha sabata mkwiyo udamuthera wokha. Adamukhululukira mumtima tsiku lina akusita mapilo, n'kudziona ngati Mkhristu wabwino kwambiri mu Mirdif monse. M'maganizo mwake mlandu udathera pomwepo. Adaiwala zimene akuluakulu adanena, kuti mlandu suwola.

Mu Ogasiti, Lachiwiri lina, adalandira foni kuchokera kwa Conrad Tembo. Conrad ndi wa ku Chipata, amagwira ntchito yonyamula mafayilo pa ofesi ina ya maloya ku Silicon Oasis. Poti mafayilo a maloya amadutsa m'khwapa mwake, Amalawi ndi anthu a ku Zambia onse amamutcha loya, ndipo iye sakana.

“Ba Hildah, khalani pansi,” adatero Conrad. “Ba Selinah anawagwira pa basi, mapepala anasila, viza inatha. Ali kumalo kosungira anthu oti abwezedwe kwawo.”

“Mayo ine! Chiyambire liti?”

“Masabata atatu. Manje mvetserani. Anthu a mpingo awapezera mpando pa ndege ya Lamulungu la sabata yamawa, masiku thwelofu kuchokera lero. Mukudziwa ndege masiku ano n'zosowa. Koma kompyuta yakana. Ikuti munthuyu ali ndi kesi kukhoti, sangatuluke m'dziko. Wodandaula ndi Hildah Kamwaza.”

“Iii, koma ine ndinakhululuka kalekale!”

“Munakhululukira kuti?”

“Mumtima.”

Conrad adapumira m'mwamba. “Amayi, kompyuta siwerenga mumtima.”

Adamufotokozera pang'onopang'ono. Munthu ali m'manja mwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, koma fayilo ili m'manja mwa akhoti, ndipo awa ndi maofesi awiri, aliyense ndi mabwana ake. Osunga munthu akuti sangamukweze ndege mlandu usanathe. Osunga fayilo akuti sangauthetse mlandu munthu asanaonekere. Ndipo m'chipinda chimene Selinah ali mwapezeka wodwala korona, choncho palibe wotuluka, ngakhale kupita pachipinda cha kanema kumene omangidwa amayankhulira ndi woweruza. Njira yachidule idali imodzi: Hildah apite yekha kupolisi ndi chiphaso chake, akasayine pepala lochotsa dandaulo, limene Aluya amati tanazul.

Hildah adayang'ana geti pawindo. Kuti adutse pamenepo ankafunika chilolezo cha madamu. Kuti madamu alole, ankafunika kumva chifukwa. Ndipo chifukwacho chidali chitavala delesi lobiriwira.

Adadziuza kuti palibe chothamangira, pakuti mlandu udali woti ulowe Lamulungu likubweralo pa kanema wa pa foni, ndipo iye akangouza woweruza pakamwa kuti wakhululuka, zonse zitha madamu osadziwa kanthu. Tsikulo adadzitsekera m'chipinda chochapira, adatsamiritsa foni pa botolo la sopo, adamanga duku ngati wopita ku mgonero. Pa foni padaoneka woweruza wovala maski, kalaliki ndi womasulira. Kalaliki adaitana dzina la Selinah katatu. Kudali chete, makina ochapira okha akuzungulira kumbuyo kwa Hildah.

“Bwana, sangayankhe,” Hildah adalowerera m'Chingerezi chake cha kukhitchini. “Ali m'manja mwanu momwemo. Mwamutsekera ndinu.”

Womasulira adapereka mawuwo, n'kubweza yankho. Woweruza adati manja amenewo si a khoti lino, ndipo kalata yoitanitsa munthuyo idatumizidwa koma yankho silidafike.

“Ndiye ine ndakhululuka, bwana. Ndi mnzanga, tinafunda chitenje chimodzi. Tikakambirana kunyumba.”

Woweruza sadakwiye. Adaoneka munthu wotopa amene wamva nkhani zotere zambiri m'mawa umodzi. Adati kukhululuka n'kwabwino, abweretse pepala. Mlandu adauimitsa mpaka patapita masabata atatu, ndipo foni idabwerera pa chithunzi cha Hildah ali pamasitepe.

Kudatsala sabata imodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma wa m'mimba apa adali atatsekeredwa, ndipo kiyi idali ndi Hildah. Lolemba adakonza mawu onse bwinobwino, koma madamu adadzuka ndi mutu, ndiye sikukadakhala kwaulemu. Lachiwiri madamu adadzuka okondwa, akuimba kukhitchini, ndiye kudali kulakwa kuwasokonezera tsiku. Lachitatu Hildah adafika mpaka pakhomo la pabalaza, adatsekula pakamwa, n'kufunsa ngati makatani akufunika kuchapa. Adachapa makatani a nyumba yonse.

Akamaikamba nkhaniyi lero amaseka, amadzitcha Zengerezu amene adalinda kwawukwawu. Koma pofika apa kuseka kumamuthera. Amanena poyera kuti adali ndi mantha, ndipo mantha ake sadali a Selinah. Ankaopa kuchotsedwa ntchito, kubwerera ku Mponela ndi chikwama chimodzi, anthu n'kuona kuti madelesi onse a m'zithunzi aja sadabwere naye.

Lachinayi m'mawa padabwera uthenga wa mawu kuchokera ku Mchinji. Adali Khumbo, akupuma movutikira monga amachitira amayi a pakati potopa.

“Anti Hildah, mwadzuka bwanji? Amayi foni yawo sikupezeka. Akuti akwera Lamulungu eti? Inu ndinu mnzawo, mwina mukudziwa. Ndawayalira kale pogona.”

Mwanayo sankadziwa chilichonse. Hildah adaika foni pansi, adapukuta manja, adapita pabalaza. Madamu adali pa sofa akumwa khofi. Hildah adagwada pa kapeti monga timachitira kwathu, chinthu chimene madamu adamuletsa kalekale, n'kukhuthula zonse: madelesi, masitepe, zithunzi za zaka zinayi, mawu a Selinah, fomu ya pa foni, ndege ya Lamulungu. Adamaliza n'kuweramitsa mutu kudikira nkhwangwa.

Adamva kaphokoso kachilendo. Atadzutsa mutu adapeza madamu akuseka mpaka khofi kutayikira pa mbale.

“Ya Hildah! Ukuganiza kuti sindidziwa? Delesi lililonse limene wavala limabwerera mabatani atalimba. Lobiriwiralo ndinalisiya chifukwa cha zipi, tsiku lina ndikupeza zipi ikuyenda ngati yatsopano. Pena ndimakuikira dala kutsogolo zimene zang'ambika.”

Zaka zinayi Hildah ankadziyesa kazitape, pamene adali telala wa m'nyumba wosadziwa udindo wake.

Kenaka madamu adasiya kuseka. “Za mnzakoyo unamva liti?”

“Lachiwiri la sabata yatha, madamu.”

Madamu adawerenga ndi zala, adafika pa zisanu ndi zinayi. Sadamukalipire, ndipo Hildah amati akadakonda kutukwanidwa. Adangoimirira n'kutenga makiyi a galimoto. “Yalla, tiye. Tenga maski ndi chiphaso chako.”

Kusayina kudatenga mphindi khumi zokha. Koma pepala nalo lili ndi ulendo wake. Lidayenera kuchoka kupolisi kupita kwa oimira boma pa milandu, kuchoka kumeneko kupita kwa woweruza, kenaka kwa osunga munthu aja kuti kompyuta imasule dzina. Tsikulo lidali Lachinayi, ndipo masiku amenewo maofesi ankatseka Lachisanu ndi Loweruka. Conrad adathamanga nalo mmene akadathera, adaimbira aliyense amene adamunyamulirapo fayilo. Kulikonse ankamuyankha mwaulemu kuti inshallah, Mulungu akalola. Ndege idanyamuka Lamulungu masana, pampando wa Selinah patakhala munthu wina. Chidindo chomaliza chidamenyedwa Lachiwiri.

“Mukanasayina Lolemba lija, ba Hildah, akanakwera,” adatero Conrad. Sadanene mokalipa. Amangonena zoona, ndiye vuto lake.

Chifukwa chotuluka pageti, Hildah adatsekeredwa m'chipinda chake masiku khumi ndi anayi kuopa kupatsira nkhalamba ija matenda. Madamu ankamuikira chakudya pakhomo n'kugogoda. Kadali koyamba m'moyo wake kuperekeredwa chakudya ndi bwana, ndipo mbale zinkabwerera zili zodzaza. M'masiku omwewo uthenga udafika pagulupu kuti Khumbo wachira, koma movutikira, pa opaleshoni, pambali pake pali mayi woyandikana naye nyumba. Mwana adali wamkazi.

Mpando wina udapezeka patatha masabata asanu ndi awiri. Selinah adatengedwa kuchokera kumene ankasungidwa mpaka pakhomo la ndege, osadutsa kwa aliyense. Hildah sadamuone, ndipo mauthenga ake onse opepesa adapita ku simu khadi yothyoka ija.

Akuchimuna ku Mchinji adasunga lonjezo lawo. Mwana adatuluka m'chikuta wopanda dzina, adayamba sikelo wopanda dzina, anamwino akudandaula kuti m'buku alembamo chiyani. Onse ankangoti khanda, kudikira agogo ake.

Tsono kwathu munthu wolakwiridwa kwenikweni sadzaza fomu. Amadikira mwana abadwe, n'kuika mawu ake m'dzina, kuti wolakwayo aziwamva tsiku ndi tsiku popanda womutchula. Hildah mwambo umenewu ankaudziwa bwino, pakuti ku Mponela adakula ndi anzake otchedwa Mwandida ndi Mwatitha, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mayinawo ankanena yani.

Kumayambiriro kwa Novembala nambala yachilendo ya ku Malawi idalowetsedwa pagulupu paja. Padabwera chithunzi cha khanda lonenepa lili m'manja owonda, kenaka uthenga wa mawu. Hildah adali m'chipinda chochapira. Adazimitsa makina kuti amve bwino. Mumtima ankapempha kuti Selinah amutukwane, amutche mbava, galu, chilichonse, kuti aseke n'kuyambiranso.

Mawu a Selinah adali ofatsa, ngati a munthu amene wadwala nthawi yaitali.

“Amayi nonse, ndafika bwino. Zikomo chifukwa cha mapemphero ndi tikiti. Khumbo akupeza bwino, bala likupola. Mwana ndamupeza atakula kale, akuseka. Dzina tamutcha dzulo. Ndi Ndakulapa.”

Amayi makumi anayi ndi atatu adamva, ndipo padalibe woponya kankhope koseka. Mmodzi ndi mmodzi adalemba kuti dzina labwino, Mulungu amukuze. Hildah naye adalemba chimodzimodzi, n'kukhala pansi pa dengu la zovala zakuda, n'kulira.

Akadali ku Mirdif mpaka lero. Delesi lobiriwira lija madamu adamupatsa, ndipo lili pansi pa sutikesi, silidavalidwepo. Akapeza wopita kumudzi amatumiza timadelesi tosoka yekha ku Mchinji. Timalandiridwa, ndipo Khumbo ndi amene amathokoza. Anthu atsopano akafika pagulupu n'kuyamba kukangana, Hildah amawaimbira payekhapayekha n'kuwauza nkhani yonse, osadzisiyira ulemu ngakhale pang'ono. Amawauza kuti mlandu wake wa ku Dubai udatsekedwa ndi chidindo Lachiwiri lina mu Sepitembala. Wa ku Mchinji adamva kuti wayamba kuyenda, ndipo ukaitanidwa dzina umatembenuka.